Timbalame tamkuwa ta ku Burma: muyeso wa mfumu womwe unasanduka chokongoletsera nyumba

M'masitolo ogulitsa zinthu zakale ku Bangkok, ku Chiang Mai ngakhale ku London mumapezeka timbalame ndi tinyama tamkuwa titandandalikidwa pa shelefu kuyambira kakakulu mpaka kakang'ono. Kalikonse kamaima pa tsinde lake, lina lozungulira, lina la mbali 6 kapena 8. Mukafunsa, wogulitsa amakuuzani kuti imeneyi ndi miyala ya sikelo yomwe ankayezera opiyamu, mankhwala ozunguza bongo aja ochokera ku utomoni wa duwa la popi. Zoti ndi miyala ya sikelo n'zoona, ndipo yambiri inachokera ku Burma, dziko lomwe masiku ano limatchedwa Myanmar. Za opiyamuzo ndi zokometsera malonda. Miyalayi inali ya mumsika wamba, yoyezera siliva, mankhwala azitsamba, zonunkhiritsa chakudya, miyala yamtengo wapatali ndi chilichonse chomwe mtengo wake unkadalira kulemera. Opiyamu anali chimodzi chabe mwa zinthu zambirizo.

Wina akhoza kunena kuti dzina ndi dzina basi, bola chinthucho chikukongola pa tebulo. Ine sindikuona choncho. Munthu amene akuganiza kuti wagula chida cha anthu osuta opiyamu amafuna chinthu chakuda, chooneka chachinsinsi, ndipo opanga zachinyengo amadziwa kumupatsa zomwe akufunazo. Amene akudziwa kuti wagwira muyeso wa boma amayamba wafunsa kuti chinthucho chikulemera bwanji, ndipo ameneyu sapusitsika msanga.

Tiyambe ndi ndalama, poti nkhani yonse yagona pamenepo. M'nthawi ya mafumu a Toungoo ndi a Konbaung, kuchokera zaka za m'ma 1500 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1800, pakatikati pa dziko la Burma panalibe makobidi a boma okhazikika oti munthu n'kungowerenga m'manja. Cesare Federici, wamalonda wa ku Venice yemwe anafika mumzinda wa Pegu cha m'ma 1560, analemba kuti ndalama yakumeneko inali ganza, chitsulo chosakaniza mkuwa ndi mtovu, ndipo sinali ndalama ya mfumu: aliyense ankatha kudzisulira. Analangiza mlendo wobwera kudzachita malonda kuti alembe ntchito munthu wodziwika woyeza ndalama, kuti zikapezeka zachinyengo ndiye aziyankha. Patapita nthawi siliva ndiye ankayendetsa malonda akuluakulu. Ankayenda m'zibenthu, wogula n'kudula kachidutswa, n'kukaika pa sikelo. Panali akatswiri otchedwa pweza omwe ntchito yawo inali kuona ngati silivayo ndi wabwino kapena wachuluka mkuwa. Makobidi okhazikika anabwera mochedwa kwambiri. Mfumu Mindon, yomwe inamanga mzinda wa Mandalay, inatsegula nyumba yosulira ndalama mu 1865 n'kutulutsa makobidi asiliva okhala ndi chithunzi cha pikoko. Zisanafike pamenepo, pa malonda amodzi sikelo inkagwira ntchito kawiri: kuyeza katundu, kenako kuyeza ndalama yolipirira katunduyo.

Muyeso wake waukulu unali kyat, womwe Azungu ankautcha tical, wolemera pafupifupi magalamu 16.3 chakumapeto kwa nthawi ya mafumu. Ma kyat 100 ankapanga peiktha imodzi, yomwe Azungu ankaitcha viss, pafupifupi makilogalamu 1.63. Gulu lathunthu la miyala linkatsika motere: 100, 50, 20, 10, 5, 2 ndi 1, kenako theka la kyat, kota yake yotchedwa mat, ndi timiyeso tina tocheperapo totchedwa mu ndi pe. Ndi miyala yochepa yotereyi wamalonda ankatha kuyeza kulemera kulikonse pophatikiza iwiri kapena itatu. Miyala ikuluikulu, ya 50 ndi 100, kawirikawiri imakhala ndi chogwirira pamsana. Miyesoyi sinafe. Ndalama ya Myanmar imatchedwa kyat mpaka lero, ndipo m'misika ya ku Yangon ndi ku Mandalay anyezi, nsomba ndi mafuta ophikira amagulitsidwabe pa viss.

Mlimi wa ku Mchinji yemwe anagulitsapo soya kwa venda wa sikelo yokayikitsa akudziwa vuto lomwe mafumu a ku Burma ankalimbana nalo, ndipo akudziwanso chifukwa chake anthu amafunsa ngati sikelo ili ndi chidindo cha a Malawi Bureau of Standards. Olemba mbiri ya miyalayi amati miyeso yoyambirira, yofanizirapo ina yonse, inkasungidwa ku Hluttaw, bwalo lalikulu la nduna za mfumu, ndipo mwala wovomerezeka unkadindidwa kachizindikiro pa tsinde: kaduwa, kanyenyezi kapena kambalame. Chidindo ndi chinthu chodziwika kulikonse komwe kuli masikelo. Chachilendo ku Burma n'chakuti pamwamba pa tsindelo anaikapo cholengedwa chopatulika.

Mbalame yomwe imapezeka kwambiri ndi hintha, yomwe ku India amati hamsa, mbalame ya m'madzi ya mtundu wa bakha kapena tsekwe. M'nthano za Chibuda, Buddha anabadwapo ngati mfumu ya mbalamezi m'moyo wake wina wakale. Anthu a mtundu wa Mon amasimba kuti pamene pali mzinda wa Bago, Pegu wakale uja, panali madzi okhaokha, ndipo kamtunda komwe kanayamba kuonekera kanali kochepa moti hintha yaimuna itatera, yaikazi inasowa popondera n'kutera pamsana pa inzake. Ufumu wawo unkatchedwa Hanthawaddy potengera mbalame yomweyi, ndipo hintha ikadali pa mbendera ya chigawo cha Mon. Pa miyala ya sikelo imaoneka ili njo, chifuwa patsogolo, liwonde pamutu, mchira utapindikira m'mwamba, nthawi zina italuma kanthu kukamwa. Pali mbalame inanso yotchedwa karaweik, yotchuka m'nthano chifukwa cha kukoma kwa mawu ake. Chachiwiri pa kuchuluka ndi chilombo cha miyendo inayi chotchedwa toe, chomwe simungachipeze m'thengo lililonse: nkhope ya mkango, nyanga pamutu, thupi lojintcha. Ogulitsa ambiri amangochitcha mkango. Njovu, zomwe alendo amazikonda kwambiri, zimagwirizana ndi Laos ndi kumpoto kwa Thailand osati ndi mafumu a ku Burma, ndipo zambiri zomwe zili pamsika ndi zatsopano.

N'chifukwa chiyani mfumu inkavutika ndi zonsezi, pomwe chibuluma chamkuwa chikanatha kuyeza chimodzimodzi? Ambiri amayankha kuti munthu wokhulupirira sangayerekeze kupala mbalame yopatulika kuti abere mnzake. Mwina n'zoona kwa ena, koma amalonda adyera analipo ku Pegu monga aliri kulikonse. Chifukwa chomwe ine chimandigwira mtima n'chosavuta: chibuluma mukhoza kuchipala mbali zonse osaoneka, pamene mbalame yokhala ndi mlomo, liwonde ndi nthenga ikachotsedwa kanthu, diso la wogula limaona. Komanso munthu wosadziwa kuwerenga ankazindikira msanga kuti uwu ndi mwala wa boma. Kukongola kwake kunali ndi ntchito.

Kapangidwe kake kanali ka phula. Mmisiri ankaumba mbalame ya phula, n'kuimata dongo, n'kuiotcha kuti phula lisungunuke lituluke, kenako n'kuthira mkuwa wamoto m'malo momwe munali phulalo. Dongo ankachita kuliswa kuti atulutse mwalawo, choncho chikombole chilichonse chinkagwira ntchito kamodzi, ndipo n'kovuta kupeza miyala iwiri yakale yofanana ndendende. Mkuwawo ankausakaniza ndi tini, mtovu, nthawi zina zinki, n'chifukwa chake ina imaoneka yofiirira, ina yachikasu, ina yotuwa. Mwala ukapitirira muyeso ankaupala kunsi, ukachepa ankauwonjezera kachitsulo.

Zonsezi zinatha ndi ufumu womwe. Angelezi analanda Burma m'nkhondo zitatu: ya 1824 mpaka 1826, ya 1852 ndi ya 1885. Mu Novembala 1885 analowa mu Mandalay, n'kutenga mfumu Thibaw ndi mkazi wake Supayalat kupita nawo ku India, komwe Thibaw anafera mumzinda wa Ratnagiri mu 1916. Boma latsopano linabweretsa miyala yachitsulo yopanda chithunzi chilichonse n'kukhazikitsa viss pa mapaundi 3.6. Timbalame tija tinapitiriza kugwira ntchito m'misika yakumidzi kwa zaka zambiri, makamaka kumapiri a Shan, ndipo amisiri anapitiriza kusula tina. Koma kuchokera 1885 panalibenso mfumu yoimirira kumbuyo kwa chidindo.

Nanga opiyamu analowamo bwanji? Apa mbiri ili ndi chipongwe chake. Mfumu Bodawpaya, yomwe inalamulira kuchokera 1782 mpaka 1819, inalamula kuti wosuta opiyamu aziphedwa, chimodzimodzi womwa mowa. Omwe anasandutsa opiyamu kukhala malonda a boma m'chigawochi anali Angelezi. Kampani ya East India inkalimitsa popi ku Bengal n'kumagulitsa opiyamu kwa amalonda omwe ankapita naye ku China, zomwe zinabala nkhondo ya 1839 mpaka 1842 ndi kulandidwa kwa Hong Kong. M'madera a Arakan ndi Tenasserim, omwe Burma inataya mu 1826, boma la atsamunda linkapereka ziphaso zogulitsira opiyamu n'kumatolerapo ndalama. Ndiye taonani: miyala ya mafumu omwe ankaletsa opiyamu ndiyo yomwe lero yasenza dzina lake.

Sikuti dzinalo lilibe poyambira. Kumapiri a Shan alimi a popi amagulitsa opiyamu pa viss, ndipo palibe chokayikitsa kuti miyala ina yaing'ono inayezapo mankhwalawa. Ulimiwu unakula kwambiri pambuyo pa 1949, asilikali a Kuomintang omwe anagonja ku China atathawira m'mapiriwa n'kuyamba kudzidyetsa ndi malonda a opiyamu. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, dera lomwe Burma, Laos ndi Thailand zimakumana linali litatchuka pa dziko lonse ndi dzina loti Golden Triangle. Nthawi yomweyo Burma inali yotsekeka pansi pa ulamuliro wa Ne Win, umphawi utakula, ndipo katundu wakale ankadutsa malire mozemba kupita ku Chiang Mai ndi ku Bangkok, komwe alendo odzaona malo ankafuna kanthu kakang'ono kolowa m'thumba komanso kokhala ndi nkhani yokasimba kwawo. Dzina linamera pamenepo. Buku la Rolf ndi Ilse Braun la mu 1983 linalitenga n'kuliika pachikuto. Donald ndi Joan Gear, m'buku lawo la mu 1992 lotchedwa Earth to Heaven, anaikana njira imeneyo n'kuitchula miyalayi monga inalili: miyeso yachifumu yooneka ngati nyama. Ndipo kwa amene amamva kukoma m'dzina la opiyamu ngati ndi nkhani yamakedzana, bungwe la United Nations loona za mankhwala ozunguza bongo linalengeza kuti mu 2023 Myanmar inakolola matani pafupifupi 1,080 a opiyamu, n'kuposa Afghanistan n'kukhala patsogolo pa dziko lonse.

Chida chomwe chinayandikira kwambiri ku malonda a opiyamu wogulitsa pang'onopang'ono ndi kasikelo ka ku China kotchedwa dotchin: kandodo kokhala ndi timadontho, kambale kamodzi, ndi kamwala kotsetsereka pa kandodoko, zonse zosungidwa m'kabokosi kathabwa kooneka ngati kagitala. Nakonso kankayeza golide ndi mankhwala a m'sitolo. Wogula asamale, poti kandodo kake nthawi zambiri ndi ka mnyanga wa njovu, ndipo maiko ambiri amaletsa malonda ake. Ku Britain lamulo loletsa linayamba kugwira ntchito mu Juni 2022.

Tsopano kwa amene akufuna kusonkhanitsa miyalayi. Chida choyamba si galasi lokulitsa zinthu, ndi sikelo yaing'ono yoyeza magalamu. Mwala weniweni unapangidwa kuti uyeze, choncho umagwa pafupi ndi muyeso wina wodziwika, kawirikawiri kuchepera pang'ono chifukwa cha kuperepeseka. Mbalame yolemera magalamu 160 ikumveka, ndi ma kyat 10. Yolemera magalamu 120 siyeza kanthu, ndipo iyenera kuti inasulidwa kuti igulitsidwe kwa alendo. Komabe pali zinthu ziwiri zofunika kukumbukira. Muyeso wa kyat unkasintha ndi nthawi ndi dera, kotero mwala wakale kwambiri ukhoza kupepuka kuposa wa nthawi ya Mindon. Chachiwiri, wachinyengo wochenjera nayenso ali ndi sikelo. Kulemera kumakuthandizani kutaya zabodza zambiri, koma sikutsimikizira kuti chotsalacho n'chenicheni.

Kuperepeseka ndiye mboni yovuta kuigula. Mwala womwe unagwira ntchito zaka 100 umasalala pomwe zala zinkagwira: pamutu, pa mlomo, pa mchira, pa chogwirira. Kunsi kwake kumasalala chifukwa cha kukhudzana ndi mbale ya sikelo, ndipo m'mikwingwirima ya nthenga mumakhala litsiro louma gwa. Wopanga zabodza amakwecha ndi sandipepala, ndipo amakwecha paliponse mofanana, ngakhale pansi pa phiko pomwe chala sichifika. Mtundu wakudawo amaupanga ndi asidi, ndi polishi wa nsapato, kapena pokwirira chinthucho m'dothi kwa miyezi ingapo. Wotere umamatirira ku nsalu yonyowa ndipo nthawi zina umanunkha. Pali zabodza zina zovutirapo, zomwe amaziumba potengera mwala weniweni. Zimenezi zimadziulula m'njira ziwiri. Mkuwa umanyala ukamazizira, choncho chotengeracho chimachepa pang'ono ndi kupepuka poyerekeza ndi mwini wake. Komanso chidindo chake chimaoneka chofota, chifukwa chinabwera ndi chikombole m'malo mokhomedwa pa chitsulo chozizira.

Gulu lathunthu lofanana kuyambira 100 mpaka pe liyenera kukudzutsani m'malo mokukopani. Miyala yaing'ono inkasowa, ina inkasungunulidwa, ndipo wamalonda ankagwiritsa ntchito iliyonse yomwe wapeza bola ikuyeza bwino. Magulu ambiri enieni omwe anthu ali nawo lero anachita kuwasonkhanitsa umodziumodzi, ndipo mukayang'anitsitsa mumaona kuti mbalamezo si za mmisiri mmodzi.

Za zaka zake ndiye akatswiri sagwirizana. Miyalayi siinalembedwe chaka kapena dzina la mfumu. A Gear anayesa kulumikiza kaumbidwe ka tsinde ndi mtundu wa chidindo ku nthawi za mafumu osiyanasiyana. Hartmut Mollat, polemba m'magazini ya Anthropos mu 2009, anapereka mndandanda wake wosiyana. Chomwe ambiri amavomereza n'chakuti yochuluka yomwe ilipo ndi ya zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Wogulitsa akalemba pa kapepala kuti mwala ndi wa m'ma 1500 popanda kufotokoza watengera pati, akukupatsani maganizo ake, ndipo mtengo uyenera kukhala wa maganizo.

Kusamala kwake n'kosavuta, koma pali cholakwa chimodzi chomwe sichibwezeka: kuipukuta ndi Brasso kuti iwale. Khungu lakuda lija ndilo umboni wa zaka, ndipo likachoka mtengo umagwa. Burashi yofewa ndi yokwanira. Mdani weniweni ndi kaufa kobiriwira motuwa komwe kamatuluka pa mkuwa wokhala ndi mchere m'kati ukakumana ndi chinyontho. Kamadya chitsulo n'kusiya timaenje. Mwala wotere muupatule, muusunge pouma, ndipo ukapitiriza mupite nawo kwa katswiri. Matabwa ena, makamaka oak, amatulutsa mpweya wa asidi womwe umawononga mtovu, choncho kabati yotsekeka ya thabwa limeneli si malo abwino.

Pokongoletsa nyumba, vuto la miyalayi ndi kuchepa kwake. Mukaimwaza m'chipinda imasowa, n'kumaoneka ngati tizidole ta ana. Imalankhula ikakhala pamodzi, pa thireyi kapena pa shelefu yofanana ndi maso, itandandalikidwa motsatira kulemera, chifukwa dongosolo limenelo ndilo tanthauzo lake. Ikapezeka sikelo yake ya mbale ziwiri ndi bokosi lake lathabwa losemedwa, mlendo safunikanso kuuzidwa kuti zinthuzi zinali za chiyani. Anzake achibadwa a miyalayi ndi ziwiya za ku Burma zopakidwa utomoni wa mtengo wa thitsi. Amisiri a ku Bagan amaluka nsungwi, n'kupaka utomoniwo kambirimbiri, kuumitsa m'chipinda chapansi, kenako n'kujambula maluwa ndi kachitsulo kosongoka n'kudzaza mizereyo ndi utoto wofiira, wachikasu kapena wobiriwira. Mabokosi ozungulira otchedwa kun-it anali osungira masamba ndi mtedza wa betel wolandirira alendo. Chotengera chosongoka pamwamba chotchedwa hsun-ok chinali chonyamulira chakudya kupita kwa amonke. Utomoni umenewu suopa madzi kwenikweni koma umaopa dzuwa: pawindo umafota ndi kung'aluka.

Nyumba yomwe yaphunzitsa anthu ambiri kakongoletsedwe aka ndi ya Jim Thompson ku Bangkok. Thompson anali Mmereka yemwe anatsitsimutsa malonda a nsalu za silika za ku Thailand. Mu 1959 anamaliza kulumikiza nyumba 6 zakale za matabwa a teak kukhala nyumba imodzi, ndipo sanaope kuswa mwambo. Anaika masitepe m'kati pomwe eni dziko amaika panja, anatembenuza makoma ena kuti zosemasema ziyang'ane m'chipinda, pansi polowera anayala matailosi a mabo akuda ndi oyera a ku Italy, ndipo tebulo lodyera analipanga polumikiza matebulo awiri a ku China osewerera mahjong. Anasowa mu Malichi 1967 ku mapiri a Cameron Highlands ku Malaysia, osapezekanso, ndipo nyumbayo lero ndi yosungiramo zinthu zakale. Chomwe ndimatolapo n'chakuti chipinda sichifunika kudzaza ndi zinthu za dziko limodzi ngati sitolo. Zinthu zochepa zabwino, zopatsidwa mpata, zimakhala bwino pakati pa mipando wamba.

Koma nyumba yomweyo ili ndi phunziro lina losakoma. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 boma la Thailand linatenga mitu ingapo ya ziboliboli yomwe Thompson anagula, itadziwika kuti inadulidwa m'phanga lopatulika. Mutu wa Buddha wopanda thupi, womwe magazini a zokongoletsa nyumba amaukonda kwambiri, ngati uli wakaledi ndiye kuti pali thupi linalake lomwe linatsala lili chiimire popanda mutu. Ngakhale watsopano wa simenti umafuna ulemu. Kwa Abuda, chifaniziro cha Buddha sichiikidwa pansi, kubafa, kapena pomwera mowa, ndipo munthu sachilozetsa mapazi. Thailand imafuna chilolezo cha boma potulutsa zifanizirozi kunja. Ku Yangon mu 2015 khoti linalamula anthu atatu kukhala m'ndende zaka ziwiri ndi theka chifukwa chotsatsa malonda a bala ndi chithunzi cha Buddha atavala mahedifoni. Kabati yokutidwa golide yotchedwa sadaik, yomwe ena amasungiramo mabotolo a mowa, inali yosungira mabuku opatulika m'nyumba za amonke.

Mipando nayo ili ndi maina ake okometsera malonda. Mudzamva za bedi la opiyamu ndi tebulo la opiyamu. Bedi lotchingidwa mbali zitatu lija ku China linali pokhalira munthu wophunzira powerenga, kumwa tiyi ndi kucheza ndi alendo, kalekale opiyamu asanafale. Matebulo ambiri aafupi a miyendo yopindika ndi atsopano, kapena ndi matebulo akale omwe anawadula miyendo kuti ayenere pabalaza la sofa. Pamwamba pa msika wonsewu pali mipando ya nthawi ya Ming, kuchokera 1368 mpaka 1644, yopangidwa ndi mitengo ya huanghuali ndi zitan, yolumikizidwa mwaluso thabwa kulowa m'thabwa popanda misomali. Gustav Ecke anaifotokoza m'buku lake lomwe linatuluka ku Beijing mu 1944, ndipo mu Malichi 2015, pa okushoni ya katundu wa malemu Robert Ellsworth, wosonkhanitsa zinthu zakale, ku Christie's ya ku New York, mipando inayi ya huanghuali inagulidwa pa madola oposa 9 miliyoni. Wogula wamba safika kumeneko. Iye amakumana ndi makabati a thabwa la elm ochokera kumpoto kwa China, makabati ofiira aukwati, ndi mabokosi a ku Korea kapena ku Japan. Ambiri mwa amenewa anakonzedwanso kwambiri, ena anamangidwa dzana ndi matabwa a zitseko zakale. Palibe cholakwa kugula wotere ngati mtengo ndi mawu a wogulitsa zikuvomereza zimenezo. Kuti mudziwe, yang'anani komwe mmisiri sankayembekeza kuti muyang'ana: kumbuyo, kunsi, ndi m'kati mwa madirowa. Mipando yopangidwira dziko lachinyontho imanyala m'nyumba yotenthetsedwa ku Britain kapena m'chisanu chouma cha ku Johannesburg. Amisiri akale ankasiya thabwa lapakati lomasuka m'mphako yake kuti lizitha kufufuma ndi kunyala, ndiye amene amathira guluu pamenepo pofuna kutseka mpata ndi amene amaling'alula.

Lamulo lilinso ndi mawu ake. Myanmar inakhazikitsa lamulo loteteza zinthu zakale mu 2015, lomwe limawerengera chinthu cha zaka 100 kupita m'tsogolo ndipo limaletsa kuchitulutsa popanda chilolezo. Nyumba zazikulu zosungira zakale zimayang'ana chaka cha 1970, pamene pangano la UNESCO loletsa kuzembetsa zinthu zakale linavomerezedwa, ngati malire ofunsira kuti chinthu chinatuluka liti kwawo. Nkhani ya Douglas Latchford, wamalonda yemwe anaimbidwa mlandu ku New York mu 2019 wozembetsa ziboliboli za ku Cambodia n'kumwalira mu 2020 mlandu usanazengedwe, inasintha msika wonse. Mu Disembala 2023 Metropolitan Museum inalengeza kuti ibweza ziboliboli 14 ku Cambodia ndi 2 ku Thailand, zambiri mwa izo zokhudzana ndi Latchford. Miyala ya sikelo sili pa mlingo umenewo. Inapangidwa yochuluka, inali katundu wa amalonda, ndipo sinagumulidwe pa kachisi. Komabe mwala womwe watuluka mu Myanmar posachedwapa, dziko lili pa nkhondo kuchokera pomwe asilikali analanda boma pa 1 Febuluwale 2021, ndi wosiyana ndi womwe wakhala m'kabati ya munthu ku Germany zaka 40. Lisiti lakale kapena kapepala ka mwini wake woyamba n'zofunika kuzisunga pamodzi ndi mwalawo.

Pa mipando yatsopano, funso lalikulu ndi thabwa, ndipo apa nkhaniyi ikufika kwathu. Teak wa ku Myanmar amagulitsidwa kudzera ku kampani ya boma ya Myanma Timber Enterprise, yomwe America ndi maiko a European Union anaiika pa zilango mu 2021. Anthu olemera atachuluka ku China, chilakolako cha mipando yofiira yotengera ya Ming chinakula mpaka mitengo ya m'nkhalango za Thailand, Laos ndi Cambodia inayamba kutha, amalonda n'kutembenukira ku Africa. Mukula wa ku Zambia, Congo ndi maiko oyandikana nawo unadulidwa mwankhanza kupita ku China. Pa msonkhano wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zamoyo zakuthengo, ku Geneva mu 2019, dziko la Malawi ndilo linapempha kuti mukula ulowe pa mndandanda wachiwiri wa zamoyo zomwe malonda ake akunja amafuna chilolezo, ndipo pempholo linadutsa. Pa msonkhano wotsatira ku Panama mu 2022 anawonjezera abale ake a mu Africa, kuphatikizapo mlombwa, komanso mbawa ndi msambamfumu, zomwe zinaika matabwa omwe akalipentala athu amapangira zitseko pa mndandanda umodzi ndi huanghuali. Chilolezocho chimakhudza zipika ndi matabwa ocheka. Mpando wa mukula womalizidwa ku fakitale ya ku China sufuna pepala limeneli, ndipo ukhoza kugulitsidwa m'sitolo ya ku Johannesburg ngati katundu wa ku Asia.